Kalavati yathu yatsekeka: kodi ntchito yokonza ngalande ndi misewu ya m'malokeshoni ndi ya yani?

Funso lochokera kwa mayi wosoka zovala ku Chiputula

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndine mayi wa ana atatu, kwathu ndi ku Dedza, koma ndakhala kuno ku Mzuzu zaka zambiri ndipo ndimasoka zovala pakhonde la nyumba yanga ku Chiputula. Ndabwera ndi nkhani ya ngalande, yomwe kwa ena ingaoneke yaing'ono, koma kwa ife yatisowetsa tulo nyengo yonse ya dzinja lapitali.

Msewu wathu ndi wafumbi ndipo umatsetsereka kulowera kudambo. Pamphambano pomwe umakumana ndi kamsewu kochokera kumtunda pali kalavati imodzi yokha, yomwe imayenera kuwolotsa madzi onse a mbali ziwirizo pansi pa msewu. Panopa kalavatiyo yadzaza mpaka kukamwa. Nditasuzumiramo ndinaona mchenga wosakanikirana ndi majumbo, matewera otayidwa, mabotolo ndi zitsononkho, zonse zitagwirana ngati zapondedwa dala. Madzi atasowa polowera anayamba kudumpha pamwamba pa msewu, ndipo pofika mwezi wa Malichi anali atakumba chigwembe chofika m'mawondo, moti paipi ya madzi akumwa yomwe inali pansi ili pamtunda tsopano. A kabaza amatitsitsa kumtunda, galimoto sifika, ndipo tsiku lina usiku mayi wina woyembekezera anachita kunyamulidwa ndi anthu anayi kuti akafike pomwe galimoto inaima. Khitchini ya mnzanga woyandikana naye, yomwe inali ya njerwa zosawotcha, inagwa mbali imodzi. Ife amene tinaona zimene mvula ya mu Epulo 2016 inachita m'madera ngati Masasa, Chibavi ndi kuno kwathu sitiona madzi oterewa mopepuka.

Sitinapite ku ofesi iliyonse chifukwa tikusemphana maganizo pa khomo loyenera kugogoda. Ena akuti ndi nkhani ya khansala, ena akuti ndi ya phungu popeza ndiye ali ndi thumba la chitukuko, ena akuti msewu uliwonse ndi wa Roads Authority, ndipo ena akuti tingotenga makasu tikumbe tokha. Ndikupempha amene mukudziwa kayendetsedwe ka zinthuzi mundiunikire: udindowu ndi wa yani, tingaufikire bwanji, nanga ngati titagwira tokha ntchitoyi, tingayambire pati kuti tisaononge zambiri? Mvula ili pafupi.

Yankho la bambo amene anapuma ntchito ya ukalaliki m'makhonsolo

Amayi, funso lanu ndi lomveka, ndipo kusemphana maganizo kumene mukunenako si kwa ku Chiputula kokha. Ndinagwira ntchito m'makhonsolo kwa nthawi yaitali, ndipo ndinkaona anthu akutaya masiku ambiri chifukwa chogogoda khomo lolakwika.

Misewu ikuluikulu ya dziko, monga M1 wodutsa mumzinda muno kupita ku Ekwendeni mpaka ku Karonga, ndi M5 wotsikira ku Nkhata Bay, ili m'manja mwa Roads Authority. Ndalama zokonzera misewu zimasungidwa ndi bungwe lina la Roads Fund Administration, ndipo gwero lake lalikulu ndi msonkho umene umaikidwa pa mafuta a galimoto. Koma kamsewu ka m'lokeshoni ngati kanuko, pamodzi ndi ngalande zake, kuchotsa zinyalala, misika ndi kuvomereza mapulani a nyumba, ndi ntchito za khonsolo ya mzinda malinga ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998. Paipi yomwe yatulukayo ndi nkhani ina: madzi a m'mipopi muno amachokera ku damu la Lunyangwa kudzera ku Northern Region Water Board, choncho kawadziwitseni iwowo mwamsanga, isanathyoke n'kuyamba kuyamwa madzi a m'ngalande. Tonse tikukumbukira kolera wa mu 2022 ndi 2023.

Za khansala, anthu ambiri amaganiza kuti iye amasunga ndalama kapena amalamula gireda kuti ipite kwakutikwakuti. Ayi. Khansala ndi pakamwa panu m'khonsolo. Iye amatengera nkhani ku makomiti a khonsolo, monga ya zomangamanga ndi ya zachuma, ndipo akagwirizana pamsonkhano wa khonsolo yonse, ogwira ntchito motsogozedwa ndi mkulu wa khonsolo ndiwo amakwaniritsa. Chifukwa china chimene anthu sadziwira bwino ndondomekoyi n'chakuti tinakhala nthawi yaitali opanda makhansala: amene anasankhidwa mu 2000 nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo sitinasankhenso ena mpaka chisankho cha patatu cha mu 2014. M'zaka zimenezo tinazolowera kuthamangira kwa phungu pa chilichonse, ngakhale chimbudzi cha pamsika. Thumba la chitukuko cha dera la phungu, lotchedwa CDF, lingathandizedi, koma kukonza ngalande chaka ndi chaka si ntchito yodikira thumba limenelo.

Chimene ndingakulangizeni ndi ichi. Yambani ndi mtsogoleri wa buloko lanu, aitanitse msonkhano, ndipo zokambirana zilembedwe. Lembani kalata yopita kwa mkulu wa khonsolo, ina yofanana nayo ipite kwa khansala ndi ku komiti ya chitukuko ya wodi yanu. M'kalatamo musangolemba kuti msewu waonongeka, chifukwa makalata otere amafanana onse. Tchulani malo enieni, kutalika ndi kuya kwa chigwembe, chiwerengero cha nyumba zomwe zili kumunsi, ndipo muikemo zithunzi. Pemphani zinthu ziwiri mosiyanitsa: choyamba, kuti katswiri wa zomangamanga adzaone malowo ndi kuti zinyalala zomwe mufukule zidzanyamulidwe, zomwe sizifuna ndalama zambiri, chachiwiri, kuti kalavati yaikulupo ilowe mu bajeti. Mukapereka kalatayo, pepala lanu lotsala alidinde ndi kulembapo tsiku. Chidindo chimenecho ndicho chimakupatsani mphamvu yobwererako ndi kufunsa.

Dziwaninso kuti chaka cha ndalama za boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, ndipo zofuna za m'madera zimasonkhanitsidwa miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Amene amadandaula mu Malichi, madzi atalowa kale m'nyumba, amapeza bajeti italembedwa.

Pa za ndalama, kuli bwino ndinene zoona zake ngakhale sizikoma. Khonsolo ya mzinda imadalira kwambiri msonkho wa nyumba ndi malo, umene timati mareti, kuphatikizapo ziphaso za malonda ndi matikiti a m'misika, kenako thandizo lochokera ku boma. Mareti amawerengedwa potengera mtengo wa nyumba wolembedwa m'kaundula, ndipo kaundulayo amayenera kukonzedwanso pa zaka zisanu zilizonse. Mzuzu unakhala mzinda mu 1985 uli waung'ono, koma kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000, ndipo ambiri mwa iwo anamanga m'malo omwe sanayezedwe, mopanda kusiyira njira madzi. Mzinda unakula mofulumira kuposa thumba lake ndi ngalande zake.

Yankho la bambo wa ku Luwinga, kapitawo wakale wa ntchito za misewu

Amama, akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ine ndagwira ntchito ya misewu yafumbi kuyambira nthawi ya ntchito zachitukuko za thumba la MASAF, ndipo sindinaonepo msewu umene unaonongedwa ndi matayala okha. Umene umaupha ndi madzi osowa njira. Abambo anzanga afotokoza bwino za maofesi, ine ndinene za khasu ndi fosholo, chifukwa kalata ikamayenda mvula sidikira.

Musayambire pakamwa pa kalavati pomwe mukuona zinyalala. Yambirani kumunsi, kotulukira madzi, ndipo mutsegule ngalande yochokera pamenepo mpaka kudambo kuti ikhale yotsika kuposa pansi pa kalavatiyo. Kawirikawiri kalavati imadzaza mchenga chifukwa kumunsi kwake kwakwera, mwina wina walimapo ndiwo zamasamba kapena wamangapo mpanda, madzi n'kumaima m'kati ndi kusiya katundu wawo. Mukatsegula kumtunda kokha, pakangogwa mvula ziwiri mudzapeza yadzazanso. Kumunsi kukatseguka, fukulani m'katimo ndi fosholo yomangirira ku mtengo wautali. Ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musalowetsemo mwana, ngakhale atakhala wochepa thupi bwanji. Paipi ya mamilimita 600 ndi yopanikiza, mumakhala magalasi osweka ndi njoka, ndipo n'chifukwa chake ife a ntchitoyi timakonda ya mamilimita 900, yomwe munthu wamkulu angathe kuiyeretsa bwino. M'kalata yanu mupemphe yoteroyo, yokhala ndi makoma a simenti mbali zonse ziwiri oletsa dothi kugumukira pakamwa pake.

Zimene mwafukula musaziunjike m'mphepete mwa ngalande. Ichi ndicho cholakwa chimene ndimachiona paliponse: anthu amagwira ntchito Loweruka lonse, mulu wa zinyalala n'kuusiya pompo, ndipo mvula yoyamba imaubwezera m'malo mwake. Mchenga woyera mungathe kuuthira m'matumba otchingira madzi, koma majumbo ndi matewera achoke pamalopo tsiku lomwelo.

Tsono yang'anani msewu weniweniwo. Msewu wafumbi umayenera kukhala ndi msana, pakati pokwera pang'ono ngati nsana wa ng'ombe, kuti dontho lililonse lithawire m'mbali msanga. Ukakhala wafulati, kapena pakati pakalowa, msewuwo umasanduka ngalande. Pamalo otsetsereka ngati anuwo madzi a m'ngalande ya m'mbali amathamanga kwambiri n'kumakumba, choncho ikani timipanda ta miyala kapena ta zikhomo za mitengo mopingasa ngalandeyo, pakati pake potsikirapo kuti madzi adutse pamwamba osapatukira mumsewu, ndipo kumunsi kwa kampanda kalikonse muyale miyala pomwe madzi agwere. Potsetsereka kwambiri timipandato tiyandikane, pomwe pali pogona titalikirane. Ngati pali malo opanda nyumba, patulirani madzi ena kumbali ndi tingalande tating'ono asanafike onse pamphambano, koma mugwirizane kaye ndi eni malo, chifukwa milandu yambiri ya m'malokeshoni imayambira pa madzi amene wina wawakhotetsera pakhomo la mnzake.

Chigwembecho musachikwirire ndi zinyalala kapena dothi lofewa. Thirani miyala ndi zidutswa za njerwa pansi, kenako katondo wosakaniza ndi timiyala pang'onopang'ono, mukuwaza madzi ndi kusinja gawo lililonse ndi chipika musanathire lina. M'mphepete mudzale udzu wa vetiva, umene mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kugwira nthaka. Pafupi ndi paipi ya madzi ija musakumbe ndi piki mpaka eni ake atabwera.

Pomaliza, mvula ya kuno si ya ku Dedza. Imapitirira mpaka Epulo, nthawi zina Meyi, ndipo nthaka ikakhuta ndi pamene zinthu zimagumuka. Kuyeretsa kwa mu Okutobala n'kofunika, koma mubwerezenso mu Januwale ndi kumayambiriro kwa Malichi.

Yankho la mnyamata wa golosale ku Zolozolo

Ndikulemekeza zimene makolo anga awiriwa anena, ndipo malangizo a adada a ku Luwinga ndawasunga. Koma pali mbali imene ikundivuta, ndipo ndikhululukireni ndiinene mosabisa. Ine ndimalipira chiphaso cha golosale yanga chaka chilichonse, mayi anga amadula tikiti tsiku lililonse pamsika, ndipo ndikakwera njinga yamoto ndimalipira msonkho wa msewu kudzera m'mafuta. Ngati pamwamba pa zonsezi tiyeneranso kugula matumba, kubwereka mawilibala ndi kutseka malonda Loweruka kuti tikumbe ngalande, kodi sitikuphunzitsa olandira misonkhoyo kuti angathe kutiiwala popanda chovuta?

Kwathu kuno tinachitapo zimenezi. Tinasonkha ndalama khomo ndi khomo, tinakonza malo oipa, ndipo ine ndemwe ndinapititsa kalata ku ofesi ina yomwe sinditchula, kupempha kuti atithandize ndi galimoto yonyamula zinyalala. Ndinayendera kalatayo katatu osapeza yankho, mpaka mulu uja unabwerera m'ngalande monga momwe adada anenera. Chaka chotsatira anthu anakana kusonkha, ndipo sindinawaone olakwa.

Sindikunena kuti amayi a ku Chiputula akhale manja lende madzi akulowa m'nyumba. Ndikunena kuti ntchito ya manja athu isalowe m'malo mwa kufunsa. Kuyambira mu Seputembala 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma likugwira ntchito, ndipo tili ndi ufulu wofunsa kuti ndalama zokonzera misewu ya m'wodi yathu zinali zingati ndipo zinagwira ntchito pati. Tikumbe ndi dzanja limodzi, linalo ligwire kalata yofunsa zimenezi.

Yankho la mphunzitsi wamkazi wa ku Ekwendeni

Achemwali a ku Chiputula, nkhani yanu yandikhudza chifukwa ife kuno, makilomita pafupifupi 20 okha kuchokera mumzinda, timakumana ndi zofanana koma njira yathu ndi yotalikirapo. Ekwendeni ndi tauni yaing'ono yomwe ili pansi pa khonsolo ya M'mbelwa, ndipo likulu lake lili ku boma la Mzimba, ulendo wa makilomita oposa 100. Nkhani ya kamlatho kapena ngalande ya pamsika imayamba ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, n'kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, kenako ku khonsolo, komwe imakapikisana ndi zofuna za boma lonse la Mzimba, lomwe ndi lalikulu kwambiri. Inu muli ndi mwayi woti ofesi mungaifikire pa kabaza.

Chimene chatithandiza kuno ndi kusasiya ntchitoyi m'manja mwa anthu ongodzipereka tsiku limodzi. Pa msewu wopita kusukulu kwathu, mafumu anagawa ngalande m'zigawo, banja lililonse kapena sitolo iliyonse n'kukhala ndi gawo loyang'anizana ndi khomo lake. Gawo likatsekeka, aliyense amadziwa mwini wake, ndipo manyazi okha amagwira ntchito imene chindapusa sichikanatha. Kovuta ndi pamalo opanda mwini, monga pamphambano ndi pakalavati, ndipo pamenepo m'pamene timagwirira limodzi.

Koma ndikufuna kuwonjezera mbali imene sinakambidwe mokwanira. Matewera ndi majumbo amene mwawapeza m'kalavatimo sanagwe kuchokera kumwamba. Ndimaona ndi maso anga mvula ikayamba kugwa mwamphamvu, anthu akutuluka ndi ndowa za zinyalala kukakhuthula m'ngalande kuti madzi awatayire, ndipo amene amatumidwa kawirikawiri ndi ana omwe ndimawaphunzitsa m'kalasi za ukhondo. Wa kumtunda amaona ngati zapita, pamene zangosamukira pakhomo la wa kumunsi. Choncho pamsonkhano wanu musaitane okhawo amene madzi amawalowera. Itanani a kumtunda, makamaka eni nyumba za lendi zokhala mabanja ambiri pa mpanda umodzi popanda dzenje la zinyalala, chifukwa popanda iwowo mudzafukula kalavati imeneyo chaka chilichonse.

Kuwonjezera kwa bambo wopuma ntchito ya ukalaliki

Mwana wanga wa ku Zolozolo wanena zoona, ndipo sindikutsutsana naye. Ndingowonjezera kuti kalata ikakhala ya munthu mmodzi imazizira msanga, koma ikakhala ya komiti ya wodi, khansala ali ndi udindo woifunsa pamsonkhano wa khonsolo, ndipo yankho lake limalembedwa m'mabuku. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka kwa anthu, kotero mungathe kupita kukakhala kumbuyo ndi kumva nokha ngati nkhani yanu yatchulidwa. Ngati mwayenda njira zonsezi ndipo palibe amene akukuyankhani, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo okhudza kusayendetsa bwino ntchito m'maofesi a boma, ndipo pamenepo pepala lodinda lija lidzakhala umboni wanu.

Mayi wa ku Chiputula abwereranso

Zikomo kwambiri nonse, yewo chomene. Dzulo madzulo ndinawerengera amayi anzanga mayankho anu onse, ndipo m'mawa uno tinapita kwa mtsogoleri wa buloko lathu, amene wavomera kuitanitsa msonkhano Lamlungu anthu akaweruka kutchalitchi, pamodzi ndi a kumtunda monga aphunzitsi alangizira. Mwana wanga wamkulu wayeza chigwembe ndi tepi yanga yosokera ndipo wajambula zithunzi. Za paipi ndakanena kale lero ku ofesi ya madzi.

Titatsika kumunsi kwa kalavati monga adada a ku Luwinga ananenera, tapeza kuti njira ya madzi yatsekedwa ndi mpanda wa njerwa umene unamangidwa zaka ziwiri zapitazo, ndipo ngalande yakale imathera pakhoma pomwepo. Mwini nyumbayo sakhala kuno, muli alendi okha. Sitikufuna kugumula chinthu cha munthu kapena kuyambana ndi anansi athu, choncho tagwirizana kuti nkhani ya mpandawu ilowe m'kalata, kuti katswiri wa khonsolo adzaone yekha ndi kulankhula ndi mwini wake. Adada, pamene tikudikira zimenezo, kodi tingakumbe ngalande yongoyembekezera yolambalala mpandawo mbali ya kumsewu, kapena madzi angafukule maziko ake n'kuugwetsera pa alendiwo? Pakati pa khoma ndi msewu pali mpata wa mita imodzi ndi theka.